Msana wa a Byon

A Byon Sang-dok anatha zaka zoposa makumi atatu akukalipira anthu. Sikuti anali oipa mtima, ayi, ntchito yake ndiyo inali yotero. Kapitawo wa owotcherera zitsulo kopangira sitima zapamadzi ku Koje sanong'ona. Nyundo zikulira uku, makina akubangula uko, munthu walendewera pachitsulo chotalika kuposa tchalitchi, ndiye inu muziti "pepanitu achimwene, tasunthani pang'ono"? Agwa munthuyo. Choncho mawu awo anakula, ndipo tsiku lopuma ntchito litafika anapita nawo kunyumba ali okula chomwecho.

Anzawo opuma nawo limodzi anagula mbedza. Ena anatsegula timashopu ta nkhuku zokazinga, timene tinatsekedwa chaka chisanathe. A Byon anakalembetsa sukulu ya uphungu wachikhristu. Chinawakokera kumeneko ndi chaka chija ntchito za sitima zinachepa, anthu n'kuchotsedwa ambirimbiri. Iwo monga mkulu wa mpingo ankayenda m'nyumba za ochotsedwawo. Ankawerenga vesi, kupemphera, kudya chipatso chimene awasendera, n'kutsazika. Koma potsika masitepe ankamva mumtima kuti asiya munthu ali ndi mawu pakhosi. Zimenezi zinawakhala zaka, mpaka anatsimikiza kuti ndi Mulungu amene akuwakodola.

Akazi awo atamva anaseka mpaka kutsamira firiji.

"Inuyo? Kumvetsera anthu? Ine ndakhala ndikulankhula ndi khoma chikwatiwireni, lero khomalo likukaphunzira kumva?"

Anaphunzira ndithu, ndipo anamaliza. Mpingo wawo wa ku Tongyong unawapatsa kachipinda pamwamba pa khitchini, konunkha adyo Lamulungu lililonse. Nthawi ndi nthawi ankakwera basi kukafotokoza za ntchito yawo kwa amene ankawayang'anira, mayi Ok Mi-ran, mphunzitsi wa msinkhu wa mwana wawo wamkazi.

Masamba atayamba kufiira m'mapiri, kunabwera Tak Hyon-gu, bambo wa zaka za m'ma makumi anayi, woyendetsa lole yonyamula nsomba zamoyo. Anali wongobatizidwa kumene. Anakhala kunsonga kwa mpando, analandira tiyi wa balere ndi manja awiri, ndipo pomwa anatembenuzira nkhope kukhoma monga achitira munthu woleredwa bwino pamaso pa wamkulu.

"Tsiku la bambo anga layandikira, Akulu," anatero. "Mwezi wamawawu."

"Jesa," anatero a Byon, kutchula mwambo wa chaka ndi chaka wokumbukira kholo lomwalira.

"Eya. Ine ndiye woyamba kubadwa. Mowa patebulo lawo ndimathira ndine, kugwada ndimayamba ndine. Chaka chatha ndinali ndisanabatizidwe. Koma chaka chino, mayi anga..."

Anasiyira pomwepo, maso ali mukapu.

A Byon ankadziwa zimene anaphunzitsidwa: munthu akakhala chete, musiyeni, mawu ali m'njira. Anadikira. Koma chete wa munthu wina amayabwa, ndipo nkhani yake inali yodziwika kale. Mpunga uyalidwa, supuni ibayidwa pakati, chitseko chisiyidwa chotsegula kuti womwalirayo alowe adye, amuna n'kugwada mpaka chipumi kugunda pansi. Akhristu sagwadira akufa. Nanga chovuta chili pati?

"Mm," anakonza kukhosi. "Ndikanakhala ine, ndikanawauza mayi msanga, poyera, kuti chaka chino sindigwada. Zinthu zochita mokayikakayika kuntchito kwathu sitinkazifuna."

"Inde, Akulu."

"Komatu amenewo ndi maganizo anga chabe. Iweyo ukuona bwanji?"

"N'zoonadi, Akulu. Zikomo kwambiri."

Hyon-gu anawerama, natuluka chafutambuyo. A Byon anatsala akusisita manja. Ntchito yoyera, yachangu, tiyi asanazizire n'komwe.

Lamulungu lotsatira Hyon-gu sanaoneke. Anabwera mkazi wake yekha, ndipo atatuluka m'mapemphero anawaimitsa a Byon pamasitepe, maso ali ofiira. Mwamuna wake atachoka m'kachipinda muja analunjika kushedi kumene amake amagwira ntchito yotsegula gul, nkhono za m'nyanja zija. Anaima pamaso pa amayi onse a mushedimo, nanena mokweza kuti chaka chino sagwada. Amake anaika mpeni pansi. Anati, "Ndiye kuti mwana wamwamuna woyamba ndilibe. Tsikulo usabwere, bambo ako asadzaone nkhope yako." Madzulo omwewo anasintha manambala otsegulira chitseko cha nyumba yawo.

"Panopa sakudya, sakulankhula," anatero mkaziyo. "Kutchalitchi akuti sabweranso. Akulu, tsikulo likadutsa iye ali kunja, apongozi anga ndikuwadziwa, sadzatsegulanso."

Nkhaniyi a Byon anapita nayo kwa mayi Ok ili yotentha.

"Sindinamulamule, Aphunzitsi. Ndinanena ndekha kuti ndi maganizo anga chabe. Ndinamufunsanso kuti akuona bwanji."

"Munamufunsadi," anatero mayi Ok. "Koma tandiuzani, Akulu. Muli mnyamata kuntchito kuja, kapitawo akanena kuti 'awa ndi maganizo anga chabe', munayankhapo kuti 'ayi bwana, ine ndikuona zina'?"

A Byon anayang'ana kudenga.

"Mumamuposa zaka pafupifupi makumi awiri. Ndinu mkulu wa mpingo. Mutu wayera, mawu ngati hutala ya sitima. Inu mukangotsokomola, munthu amamva lamulo."

"Ndiye nditani? Ndidaye tsitsi?"

Mayi Ok anaseka atagwira pakamwa, kenaka anatambasula zikhatho zawo patebulo. Zinali zonyowa.

"Mwaona? Ine ndine mphunzitsi wanu, koma kuti ndikuuzeni zimenezi thukuta latuluka. Nanga iye? Funso langa ndi limodzi: anakuuzani chimene anabwerera?"

A Byon anapukusa mutu.

"Mukamuonanso, musamupatse yankho lachiwiri lokonzera loyambalo. Mungomumva."

Kumuonako ndiye kunavuta. Akamuimbira foni ankayankha mwaulemu, "Inde Akulu, ndibwera ndithu," osabwera. Masiku ankapita. A Byon ankadzuka kupita kumapemphero a m'bandakucha, n'kukhala kumbuyo, kiyi wa kachipinda kaja ali m'thumba akulemera ngati nyundo. Ankafunsa Mulungu ngati anamvadi kuitana, kapena inali chabe njala ya munthu wozolowera kukhala ndi anthu omulamula. Anaganiza kuti tsiku la jesa likangodutsa chitseko chili chotseka, kiyiyo akamubweza kwa abusa.

Loweruka lina m'mawa anapita kunyumba yosambirako anthu onse ya m'dera lawo, monga ankachitira chiyambire unyamata. Anaviika thupi m'dziwe lotentha mpaka khungu kufewa, kenaka anakhala pakampando kapansi, nayamba kudzikhula ndi kansalu kokhakhala kobiriwira kaja. Manja, chifuwa, miyendo, zonse zinatheka. Msana ndiye unakana. Phewa lamanja linali litauma kalekale ndi ntchito, ndipo ankangopotokola thupi ngati nkhanu yagwa chagada.

"Akulu, bweretsani kansaluko."

Anali Hyon-gu, ali wamaliseche ngati iwo omwe, nkhope ikuonetsa kuti akanakonda kukhala kwina kulikonse. Koma akanatani? Munthu sungaone nkhalamba yoidziwa ikulimbana ndi msana wake iwe n'kudutsa. Anakoka kampando, nakhala kumbuyo kwawo.

A Byon anayamba kutembenuka. "Hyon-gu, tsiku lija..."

"Weramani pang'ono, Akulu."

Anawerama, maso pa matailosi. Kansalu kanayamba kuyenda kuchokera m'khosi.

"Tsiku lija ndinafulumira kulankhula," anauza matailosiwo. "Sindinamve chimene unabwerera. Pepa."

 Madzi ankangoti chwaa m'mipope, nkhalamba ina ikuimba m'dziwe ndi mawu osalongosoka. A Byon analuma lilime. Kansalu kanatsika, kanakwera, kanatsikanso.

"Msana wanu uli ndi zipsera ngati wa bambo anga," Hyon-gu anatero mwadzidzidzi. "Zanu ndi za moto. Zawo zinali za zingwe za m'boti. Tinkabwera muno momwemuno. Kunyumba sankalankhula, munthu ankangoti 'mpunga', 'madzi', 'gona'. Koma ndikakhala kumbuyo kwawo chonchi, ndinkawauza zonse. Za kusukulu, za atsikana, zonse. Iwo ankangoti 'mm'."

"Mm," anatero a Byon.

"Ine sindinabwere kudzafunsa za kugwada, Akulu." Kansalu kanayamba kukanikiza. "Zimenezo ndinali nditamaliza kale ndi Mulungu wanga. Sindigwada, ndipo sindinkakayika. Ndinabwera chifukwa cha mayi. Chaka chatha, jesa itatha, ndikupukuta mbale za mkuwa zija, anandifunsa osandiyang'ana. Anati, 'Nanga ine ndikafa, mpunga wanga adzandiikire ndani?' Ankadziwa kuti ndayamba kutsatira mkazi wanga kutchalitchi. Ine ndinangoseka, ndinati mayi inu simudzafa, imfa ikuopani. Chaka chonse funso limenelo landikhala apa. Ndinkafuna munthu andithandize kupeza mawu owayankhira. Ndiye inu munati msanga, poyera. Ndi mawu anuwo! Ndinangoti basi, kumwamba kwalankhula. Ndinathamanga ngati chitsiru, n'kukawachititsa manyazi pamaso pa anzawo onse."

Apa n'kuti kansalu kakupala ngati akuchotsa dzimbiri pachitsulo. Msana wa a Byon unkayaka moto. Ndipo mayankho anali atadzaza m'kamwa mwawo: mavesi atatu oyenerera bwino, ndondomeko ya mapemphero a chikumbutso, ngakhalenso mawu enieni oti akawanene kwa amakewo. Zonse zinali zabwino, zonse zinali zoona. Anazimeza chimodzichimodzi, n'kupirira.

Kansalu katafatsa, anafunsa funso limodzi lokha, motsitsa mawu mpaka iwo eni kudabwa kuti mawu otero anali nawo.

"Iweyo tsikulo ukulakalaka utachita chiyani?"

Hyon-gu anakhala chete nthawi yaitali. A Byon anamusiya. Ulendo uno chete sanayabwe kwambiri, mwina chifukwa panalibe nkhope yoti aziiyang'ana.

"Kusenda bam," anatero pomaliza.

Bam, mtedza waukulu wa m'mitengo uja wa chikhokho cholimba. Pa zophika zonse za jesa, ntchito ya amuna ndi yomweyo, kuusenda ndi kuusema mpaka ukhale wosalala pamwamba ndi pansi, kuti usanjike bwino m'mbale.

"Anandiphunzitsa ndi bambo. Mayi sangathe, zala zawo zinapindika ndi mipeni ya kushedi. Mng'ono wanga wa ku Seoul akasenda, umatsala ngati wadyedwa ndi khoswe." Anaseka pang'ono. "Kodi pali vesi loletsa kusenda mtedza, Akulu?"

A Byon anali atakoka kale mpweya kuti ayankhe. Anautulutsa.

"Iwe ukuona bwanji?"

"Ine ndikuona kuti palibe."

"Nanga chitseko? Ndamva kuti manambala anasintha."

"Masitepe sanasinthe. Ndikasendera pamenepo."

Anatunga madzi ofunda, nawathira pamsana pa a Byon. Kenaka anafuna kunyamuka, koma a Byon anamulanda kansalu kaja.

"Tembenuka."

"Ayi Akulu, zosatheka zimenezo, ine..."

"Tembenuka, iwe! Ili lokha ndiye ndi lamulo."

Tsiku la jesa linafika, linadutsa. A Byon sanaimbe foni, ngakhale chala chinkayabwa. Akazi awo anachita kuwabisira foniyo mumphika. Lachiwiri masana ali m'kachipinda kawo anamva mapazi pamasitepe, ena olemera, ena okwekwesa, ndi mawu a mayi wokalamba akudandaula njira yonse.

"Anthu a Mulungu bwanji mumakonda pamwamba? Mukufuna mukafike msanga? Ndisiye iwe, ndili ndi miyendo yanga!"

Analowa gogo wamfupi, wopindika msana, atanyamula phukusi lokulunga m'nsalu. Hyon-gu anali kumbuyo kwake. Gogoyo anawayang'ana a Byon kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye ndinu amene? Ine ndimayesa chimphona. Munabadwa chaka cha nyama yanji?"

"Cha kambuku, Mayi," anayankha a Byon, pakuti kumeneko chaka chilichonse chili ndi nyama yake, ndipo msinkhu wa munthu amaudziwira pamenepo.

"Ine cha tambala, nkhondo ya dziko lonse ikutha kumene. Ndinu mwana inu." Anapita n'kukakhala pampando wa a Byon weniweniwo, wotsamira bwino uja. A Byon anakhala pa wa alendo.

"Mwana uyu wandichititsa manyazi kawiri," anayamba amake Hyon-gu. "Koyamba kushedi. Kachiwiri pakhomo panga. Kungocha, ndikutsegula zenera, ndikuona munthu wakhala pamasitepe ndi beseni ndi mpeni, ngati galu wopirikitsidwa. Aneba akudutsa, akumupatsa moni, 'mwadzuka bwanji a Tak', iye akuyankha, akusenda. Dzuwa likukwera, iye akusenda. Ndinatsegula chifukwa cha anebawo, musaganize zina."

"Sindikuganiza zina, Mayi."

"Ndipo sanagwade. Mwamva? Ntchito yanu yayenda. Mng'ono wake anagwada bwinobwino, chipumi pansi, koma maso ali pawotchi kuopa kuphonya basi. Uyu anangoima kumbuyo, maso otseka, milomo ikuyenda, misozi ili chuchuchu mpaka m'kolala. Zaka zonsezi akugwada sindinamuonepo akulirira bambo ake. Ndiye ine sindikudziwa. Sindikudziwa."

Anamasula phukusi lija ndi zala zake zopindikazo. Munali zitumbuwa za nsomba, chidutswa cha nsomba youma, ndi bam woyera wosemedwa bwino, wosanjikizana ngati ndalama zachitsulo. Anakankhira zonse kwa a Byon.

"Izi zachokera patebulo la amuna anga. Kwathu kuno chakudya cha jesa timagawana ndi anthu. Koma akuti anthu anu sadya, akuti n'chodetsedwa. Amuna anga anali munthu waukhondo."

Hyon-gu anaweramitsa mutu. A Byon anayang'ana chakudyacho. Zinali zoona, mumpingo mwawo munali ambiri amene sakanachikhudza, ndipo iwo eni chibatizidwireni anali asanalawepo. Koma mumtima mwawo sanapezemo mantha. Mtedzawo anaumeretsa ndi Mulungu, anausenda ndi mwana wolira bambo ake, ndipo anaukweza masitepe onse aja ndi mayi wofuna kudziwa ngati mwamuna wake akunyansidwa naye. Anatseka maso, anayamika Mulungu mwachidule, natola bam mmodzi. Unali wozizira, wokhukhuta, wotsekemera pang'ono.

"Wasema bwino mwana wanu," anatero.

"Anatengera bambo ake." Gogoyo anawayang'anitsitsa mpaka atameza. Kenaka anapumira m'mwamba, mapewa n'kutsika. Mawu ake anachepa.

"Chabwino, inu ophunzira za mitima ya anthu. Tandiuzani. Ine ndikafa, uyu sadzagwada, sadzandibayira supuni mumpunga, sadzatsegula chitseko. Ndiye kwanuko mumatani nawo akufa? Mumangowakwirira n'kusamba m'manja? Ine ndidzakhala wa ndani?"

Yankho a Byon anali nalo, ndipo linali lokoma. Anali atalilembapo pamayeso n'kukhoza bwino. Analimva likukwera pakhosi ndi mphamvu yonse ya mawu awo akale aja. Anatola bam wachiwiri.

"Mayi," anatero, "amene adzatsale tsiku limenelo si ine. Ali apayu. Mufunseni."

Gogoyo anatembenuka pang'onopang'ono. Hyon-gu anasuntha mpando wake, naukokera pafupi, ndipo anawayang'ana amake m'maso.

"Mayi, mpunga woti mudzadye sindingakulonjezeni, chifukwa sindikhulupirira kuti mudzamva njala. Ndikakulonjezani ndikhala ndikunama. Koma tsiku lanu sindidzagwira ntchito. Lole idzagona. Ndidzaitana onse, ndi wa ku Seoul yemwe, afune asafune. Tidzapemphera, tidzathokoza Mulungu chifukwa cha inu, ndipo ana anga adzamva mmene zala zanuzi zinapindikira kuti ine ndipite kusukulu. Chaka ndi chaka, mpaka atatopa nazo. Ndipo tidzadya msuzi wa gul, wanu uja. Ndidzaphika ndekha."

Amake anamuloza ndi chala chopindika. 

"Iwe? Kuphika? Madzi enieniwa umapsereza."

"Ndiye mundiphunzitse."

"Ha! Mwamva, Akulu? Akufuna adzandichititse manyazi kachitatu, ndili m'manda." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu ya phukusi ija. "Msuzi umenewo si wamasewera. Gul saikidwa madzi asanawire, ndipo akangotupa umachotsa pamoto, ukachedwa amauma ngati chikopa. Mkazi wakoyo amaika adyo wambiri, usatengere iye."

"Inde, Mayi."

"Usamangoti inde, inde. Ubwere Lamulungu, ukatuluka kutchalitchi kwakoko. Ubwere ndi anawo. Ndipo usagule gul kumsika, amakhala ogona. Ndibweretsa ndekha a kushedi."